Mkazi amene ankadikira agogo anu ku Quebec

Mwati wikendi ikubwerayi mupita ku Quebec? Chabwino. Ikani kaye mafoniwo pansi, ana inu, ndikuuzeni za mzinda umenewo, poti ine ndinaupondapo amayi anu asanabadwe. Iwe Tadala usanamizire kuti sukumva, Chichewa umamva bwinobwino nkhani ikakhala ya chakudya. Ukasowa mawu ufunse mkulu wakoyo, ngakhale nayenso Chichewa chake n'cha m'chitini.

Inu mukupita kukadya ndi kukajambulitsa zithunzi. Ine ndinapitako pasipoti ili m'chikwama cha m'manja, ndikuganiza kuti banja langa likathera komweko.

Agogo anu aamuna, a Mbewe, inu munawadziwa atakalamba, atakhala pampando uwo ndi nyuzipepala tsiku lonse osatulutsa mawu. Musaganize kuti unali ukalamba. Anali choncho ndi kale lomwe. Anabwera kuno kudzaphunzira zoyeza malo ndi kujambula mapu, kenaka anapeza ntchito ku Etobicoke, mbali ina ya mzinda wa Toronto. Atapita kumudzi pa holide anandiona kuchipatala ku Ntcheu, kumene ndinkagwira ntchito ya unamwino, ataperekeza mnzawo amene anathyoka mwendo pa njinga yamoto. Tinaonana milungu itatu basi. Zotsalazo zinali makalata, aja a buluu opyapyala, oti pepala lake ndi envulopu yomwe, ukang'amba molakwika wadula mawu a munthu pakati. Kalata inkayenda milungu itatu kapena inayi. Inu mnzanu akachedwa kuyankha mphindi zisanu mumati chibwenzi chatha.

Pa ukwati wathu abale awo anabwera ochepa kuchokera ku Dedza: mayi awo aang'ono amene anawalera, ndi amalume amene anali ankhoswe. Ankhoswewo anauza akwathu kuti amayi a mnyamatayu anamwalira ndi chifuwa iye ali wamng'ono. Ife sitinafunse zambiri. Munthu wophunzira, wosamwa mowa, wa ntchito kunja, mufunsanso chiyani?

Ndinawatsatira kuno m'ma 1970 chapakati, mwezi wa Novembala, nditavala juzi imodzi. Za kuzizira kwake ndinakuuzani kale, sindibwereza. Tinkakhala m'nyumba ya m'mwamba ku Etobicoke, ndege zikudutsa padenga ngati zikufuna kulowa pawindo. Mapepala anga a unamwino sanawavomere mpaka nditalembanso mayeso, ndiye ndinayamba ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Amalawi nthawi imeneyo tinali owerengeka, ambiri anali anyamata a sukulu. Panalibe mayi mnzanga woti ndikamunong'oneze kanthu. Chichewa ndinkalankhula ndi munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo sankalankhula.

Chaka chachiwiri chifikire kuno, mwezi wa Juni, ndinapeza kalata m'thumba la jekete yawo. Alangizi kumudzi anandiuza kuti thumba la mwamuna si munda wako, usamakalimemo. Koma jeketeyo ndinkafuna kuichapa, nanga ndikanaichapa ndi pepala lomwe? Ndinaitsegula. Inali yolembedwa pamanja, zilembo zopendekeka zokongola, koma m'Chifalansa. Ndinazindikira mawu atatu okha: Quebec, Philippe, lomwe ndi dzina lawo la ubatizo lija la Filipo, ndi dzina la mkazi, Thérèse. Ife timati Tereza.

Ndinakopera mizere iwiri imene inali ndi mayinawo pa kapepala, ndi kubwezera kalatayo m'thumba. Jeketeyo sindinaichapenso. Kuntchito kunali mayi wina wa ku Haiti, dzina lake Odette, amene ankadziwa Chifalansa. Ndinamunamiza kuti ndi kalata ya wodwala wina. Iye anawerenga, n'kundiuza kuti akuti, "Tereza amafunsa za inu tsiku lililonse. Amati Filipo sanandiiwale ayi, adzabwera ndithu."

Ndikanakopera kalata yonse bwenzi nkhani ino palibe. Koma ndinasankha mizere iwiri, ndipo mizere iwiriyo ndinagona nayo ndi kudzuka nayo milungu itatu.

Iwe Mphatso ukufunsa kuti bwanji sindinangowafunsa. Inu a masiku ano mumafunsa chilichonse, ndi adokotala omwe mumawafunsa ngati anaphunziradi. Ife sitinaleredwe choncho. Komanso ndinkaopa yankho. Ndinali kutali ndi kwathu, munthu amene ndinali naye m'nyumba ndinkamudziwa ndi makalata, ndipo ndinali ndi changa chimene ndinali ndisanawauze: ndinali woyembekezera, miyezi iwiri. Ndinkafuna kuwauza sabata yomweyo imene ndinapeza kalata. Ndinatseka pakamwa.

Ndiye tsiku lina Lachitatu, tikudya, anaika foloko pansi.

"A Nangozo, Lachisanu tipita ku Quebec. Mukapemphe tsiku limodzi kuntchito."

"Kukatani?"

"Kukaona malo."

Kukaona malo. Awa ndi munthu amene anakana kupita nane ku Niagara, amvekere madzi akugwa anawaona kale kumudzi. Ndinangoti chabwino, koma mutu unayamba kuzungulira. Ngati kuli mkazi, akunditengeranji ine? Kwathu ku Ntcheu mwamuna wa mitala amabwera ndi mkazi watsopano kuti adzapereke moni kwa wamkulu. Koma apa wopita kukapereka moni ndinali ine. Ndiye kuti wamkulu ndi iyeyo? Kodi ine ndinakwera ndege ulendo wonse uja kudzakhala mkazi wamng'ono wa mzungu?

Ndinalongedza mazira owiritsa, nkhuku yokazinga, tiyi m'fulasiki, ndi pasipoti. Ndinatenganso chikhoti changa cha m'chisanu ngakhale unali mwezi wa Julaye, kunja kukutentha ngati Okutobala wa kwathu. Thupi langa linali lisanavomereze kuti Julaye angatenthe. Ndipo tsiku limenelo ndinavala thalauza koyamba m'moyo wanga. Kumudzi nthawi imeneyo lamulo linkaletsa akazi kuvala mathalauza, ndipo ndinali nditaligula kalekale n'kulibisa pansi pa sutikesi. Ndinati ngati ndikukakumana ndi mkazi wachizungu, asandione ngati wakumudzi. Agogo anu analiyang'ana thalauzalo, anayang'ana padenga, n'kunyamula zikwama.

Galimoto yathu inali yakale, yobiriwira, yopanda choziziritsa ichi mumayatsa inu. Ukafuna mphepo unkapukusa chogwirira kuti galasi litsike. Kamayi ka m'foni kouza munthu kokhotera kunalibe. Tinali ndi mapu a pepala ochokera pomwetsera petulo, oti ukawatambasula amadzaza galimoto yonse ndipo sapindikanso monga analili. Tinanyamuka m'mawa kwambiri. Msewu unali wautali, wowongoka, minda ya chimanga uku ndi uku. Ndinkayang'ana chimangacho ndi kuganiza kuti eni ake akuti amadyetsa ng'ombe chonsecho. Tinalankhula mawu osakwana khumi mpaka masana.

Kenaka zikwangwani zinasintha. Zilembo zinali zomwezo koma sindinkatha kuwerenga kanthu. Ndinali nditangozolowera Chingerezi cha kuno, chija amalankhulira m'mphuno, ndiye pano dziko lomwelo landisinthira chinenero osandichenjeza. Titaima kumwetsa petulo kupitirira Montreal, bambo wothira petulo analankhula zake zambirimbiri, ndipo ndinamva agogo anu akumuyankha. M'Chifalansa. Mawu atatu kapena anayi okha, koma anatuluka mosavuta ngati munthu wozolowera.

"Chifalansa munachiphunzira kuti?" ndinafunsa titabwerera mumsewu.

"Kalekale," anatero. Basi.

Tinafika dzuwa likadalipo, poti kuno nthawi yotentha dzuwa silidziwa nthawi yolowera. Tinalowa pachipata cha mwala, mzinda wonse uli m'kati mwa linga. Tinapeza chipinda kwa mayi wina wokalamba amene ankachititsa lendi zipinda za m'mwamba. Anatipatsa kiyi wamkulu ngati wa kundende, akulankhula osapuma, ine ndikungogwedeza mutu. Mwina ankandiuza kuti nyumba ikupsa, sindikudziwa.

Loweruka m'mawa anavala tayi. Kukutentha chotero, munthu wokaona malo, tayi. Ndinati lero ndi lero.

Koma sitinapite kwa munthu aliyense. Tinayenda. Misewu yake ndi ya miyala, yopapatiza, yokwera ndi kutsika, nyumba zogundanagundana za mawindo a maluwa. Kunali mizinga yakale italoza kumtsinje, ana akukwerapo. Kunali chihotelo chachikulu pamwamba pa phiri, cha nsanja zosongoka, choti ukachiyang'ana khosi limawawa. Ndipo kunali ngolo zokokedwa ndi mahatchi, azungu ovala bwino akulipira kuti akwere. Kwathu ngolo ndi ya chimanga ndi odwala. Agogo anu anati tikwere. Tinakwera, woyendetsa akulozaloza ndi chikwapu ndi kufotokoza m'Chifalansa, ine ndikununkhiza ndowe za hatchi ndi kukumbukira khola la bambo anga. Mseru unali utandigwira, koma sindikanatha kunena chifukwa chake.

Masana tinalowa modyera. Pepala la zakudya sindinamvepo kanthu, ndinangoloza ndi chala. Anandibweretsera chinthu chonga chitumbuwa koma chopyapyala ngati mpango, atachipinda n'kuthirapo uchi uja wa kuno wochokera m'madzi a mtengo. Ndinadya pang'ono. Agogo anu sanakhudze chawo. Mkazi aliyense wodutsa pafupi ndi tebulo lathu ndinkamuyang'ana, ndi kudzifunsa ngati ali iyeyo.

Titatuluka ndinayamba kuona chinthu. Panali kamsewu kena ka khoma lalitali lopanda mawindo, ndi chitseko chakuda cha belu pambali. Tinadutsapo koyamba, agogo anu anachepetsa liwiro, n'kupitirira. Tinazungulira, tinaona tchalitchi, tinatsika masitepe, tinakweranso, tili pa chitseko chomwe chija. Anatulutsa mpango, anapukuta nkhope, n'kupitirira. Kachitatu ndinaima.

"A Mbewe, inu ntchito yanu ndi yojambula mapu. Simusochera. Khomo ili talidutsa katatu. Imbani belulo ndimuone."

"Mumuone ndani?"

"Tereza."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Thukuta linkatsika mpaka pa kolala.

"Munawerenga kalata yanga."

"Ndinawerenga."

"Ndiye mukudziwa."

"Ndikudziwa."

"Ndipo mwabwerabe?"

Nkhope yawo inali ya munthu wothokoza. Zimenezo zinandisokoneza kuposa zonse. Mwamuna wogwidwa amakana, kapena amakalipa. Awa ankaoneka ngati ndawatula katundu. Ndinati, "Ndabwera kuti ndione ndi maso anga." Iwo anagwedeza mutu, n'kuimba belu.

Anatsegula mayi wachitsikana, wa siketi yotuwa ndi kamtanda pakhosi. Ndinamuyeza kuchokera kumutu mpaka kunsapato. Ndinati si wokongola kwenikweni. Koma iye atamva dzina la agogo anu anaomba m'manja, anati "Thérèse" n'kuloza m'mwamba. Ndiye kuti sanali iyeyo. Tinamutsatira m'khonde lalitali, ndipo fungo la mmenemo ndinalidziwa nthawi yomweyo: sopo, supu, mankhwala, ndi matupi okalamba. Linali fungo la kuntchito kwanga. M'zipinda munali amayi okalamba okhaokha, ena pa mipando ya matayala, mitanda m'makoma. Mpingo umene ndinakulira ine ulibe masisitere, ndiye sindinazindikire msanga kuti ndi nyumba ya masisitere opuma pantchito. Ndinangoganiza kuti Tereza amagwira ntchito muno. Ndinati kani bambowa amakonda anamwino.

Titafika pa chitseko china, agogo anu anakonza tayi, n'kunena kuti, "Odi."

Ku Quebec, ana inu. Odi.

M'katimo munatuluka mawu aang'ono okalamba. "Lowani, lowani. Ndani ameneyo?"

Chaka ndi miyezi isanu ndi itatu ndinali ndisanamve mkazi akulankhula Chichewa. Tinalowa. Pampando pafupi ndi windo panali kagogo kachizungu, kakang'ono ngati mwana wa sitandade faifi, tsitsi loyera lochepa, bulangete pamiyendo ngakhale kunkatentha. Agogo anu, ndi tayi yawo, anagwada pansi.

"Ndine Filipo, Amayi."

"Filipo wa Marita," anatero gogoyo. "Wachedwa iwe. Sendera kuno ndikuone kumutu. Zipere zija zinatha?"

Chichewa chake chinali cha ku Dedza chenicheni, chakale, cha amayi a kumunda, kungoti "r" ankamutulutsira kukhosi. Anawasisita kumutu agogo anu ngati kamwana, iwo mapewa akugwedezeka. Ine ndinali nditagwada pafupi ndi chitseko, m'thalauza langa lija, ndikuomba m'manja pang'onopang'ono monga tinaphunzitsidwira, mutu uli mbuu. Uyu ndiye Tereza? Uyu ndiye ndamusalira tulo milungu itatu?

"Nanga awo akubisala kukhomo ndani? Fikani kuno."

Ndinasendera. Anandigwira manja onse awiri, anawatembenuza, n'kuyamba kutsina zala zanga chimodzichimodzi. Nkhope yake inawala.

"Marita, zala zamera? Ndinakuuza ine kuti mankhwala atsopanowa ndi amphamvu. Tsopano ukhoza kumunyamula mwana wako."

"Si amayi anga awa, Amayi," anatero agogo anu, osandiyang'ana. "Amayi anamwalira. Awa ndi akazi anga."

Gogoyo anayendetsa maso uku ndi uku, ngati munthu amene akufunafuna njira yobwerera. Kenaka anati, "Inde. Marita anamwalira. Ndinamusambitsa ndine." Koma manja anga sanawasiye.

Ine ndinali namwino. Zala zoti zimere, mankhwala atsopano, mayi woletsedwa kunyamula mwana wake. Sindinafunikire wondimasulira. Apongozi anga sanamwalire ndi chifuwa. Anali ndi khate.

Inu nthenda imeneyi simuidziwa, mwina munangoimva m'Baibulo. Imadya mitsempha, munthu samva kuwawa, amapsa kapena kudzicheka osadziwa, mpaka zala zimatha. Lero ili ndi mankhwala, imachira. Koma kwathu masiku amenewo munthu wa khate ankamupatula, mbale yake yake, kapu yake yake, ndipo banja lake anthu sankakwatirako. Amayi anga akanamva, ankhoswe aja sakanapatsidwa ndi mpando womwe.

Sisitere Tereza anafotokoza, mwina ankauza ine, mwina ankangokumbukira. Anakhala zaka zambiri pa mishoni ina kumunsi kwa mapiri a Dedza, kumene kunali mudzi wa odwala khate. Mwana akabadwa m'mudzimo ankamuchotsa tsiku lomwelo kuti asatengere, n'kukamulera kwa masisitere. Filipo anamulera ndi iyeyo, ndi mkaka wa mbuzi, mpaka mayi ake aang'ono anadzamutenga ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Lamulungu lililonse ankamunyamula kupita naye kumpanda, amayi ake n'kumuona ali tsidya linalo. Chifalansa chija anachitolera kukhitchini kwa masisitere. Atakula ankapitabe yekha kumpandako, mpaka anasankhidwa kupita kusekondale. Kumeneko analeka. Amayi ake anamwalira iye ali folomu fili, ndipo kumaliro sanapite.

"Ndakuitanira chinthu chimodzi," anatero Sisitere. Apa mutu wake unali bwinobwino. "Unaleka kubwera, ndipo ndikudziwa kuti chimakudya. Marita atadwalika ndinamufunsa, ndimulembere Filipo abwere? Iye anati, msiyeni, anzake angamuseke, aphunzire. Sanakwiye nawe. Anati ndidzakuuze ukadzakula. Ine ndinadwala, anandibweza kuno, ndinakusowa. Chaka chino wansembe wina wochokera kumudzi ndiye anandiuza kuti uli ku Toronto, ndiye ndinapempha mnzanga akulembere, poti manja angawa sagwiranso cholembera. Wamva?"

"Ndamva, Amayi."

Anatsegula buku lake la mapemphero, anatulutsa kachithunzi. Mayi atakhala pa mphasa, manja atawabisa m'nsalu, akumwetulira. Mphumi yake ndi yako iwe Tadala. Agogo anu anachigwira ndi manja awiri. Ine ndinkangoyang'ana pansi, osadziwa ngati ndili ndi ufulu wolira nawo.

Ndiye Sisitere anatembenukira kwa ine. "Nanga mwanayu abadwa liti?"

"Mwana uti, Amayi?" anafunsa agogo anu.

"Iwe, ine ndabadwitsa ana osawerengeka. Mayi woyembekezera ndimamudziwira pakhosi apa." Anandigwira pakhosi ndi kachala kozizira. "Muzidya masamba, mayi."

Agogo anu anatembenuka kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana bulangete. Posakhalitsa Sisitere anayamba kulankhula Chifalansa, akuitana anthu amene munalibe m'chipindamo, kenaka anagona. Wachitsikana uja anatiperekeza mpaka kukhomo.

Kutsogolo kwa chihotelo chija kuli bwalo lalitali la matabwa loyang'ana kumtsinje. Tinakhala pa benchi kumeneko, pakati pathu pali malo oti n'kukhalapo munthu wina. Anthu ankadutsa akunyambita ayisikirimu, bambo wina ankaimba kodiyoni, sitima yaikulu inkayenda pamadzi pang'onopang'ono.

"Munati mukudziwa," anatero.

"Ndimayesa ndi mkazi wanu."

"Mkazi wanga."

"Ndinawerenga mizere iwiri yokha."

"Ndiye munabwera kudzaona mkazi mnzanu."

"Pasipoti ili m'chikwamamu."

Sanaseke. Ndikanakonda akanaseka. Anati, "Ndinkafuna kukuuzani kunyumba, ndinalephera. Ndinati ndikuuzani pamsewu, ndinalepheranso. Ndiye ndinati mukamve kwa iwo. Pa khomo paja, mutanena kuti mukudziwa, ndinaganiza kuti mwandilandira."

"Munandinamiza, a Mbewe. Inu ndi amalume anu. Munanamiza amayi anga."

"Inde."

"Mukanandisiya ndibereke ana osadziwa."

"Inunso za mwanayu simunandiuze."

"Zanga n'za miyezi iwiri. Zanu n'za zaka."

Anavomera ndi mutu. Kenaka anati, "Mukafuna kubwerera kwanu, sindikuletsani. Tikiti ndigula."

Mukufuna ndikuuzeni kuti ndinawakumbatira pomwepo, monga amachitira pa wailesi ya kanema. Sindinatero. Sindinkadziwa chimene ndinkamva. Ndinali wokondwa kuti kulibe mkazi. Ndinali ndi manyazi chifukwa cha thalauza ndi pasipoti. Ndinali wokwiya. Ndinkawamvera chisoni, ndikaganiza kamwana katanyamulidwa pampanda. Ndipo pansi pa zonsezo ndinali ndi mantha. Mutu wanga wa unamwino unkadziwa bwino kuti khate silikhala m'magazi a banja, mwana sabadwa nalo, ndipo munthu amene wafika zaka makumi atatu ali bwinobwino palibe choopa. Ndinalemba zimenezo pa mayeso, ndinakhoza. Koma mtsikana wa ku Ntcheu amene anali m'kati mwanga, amene amayi ake ankamukoka dzanja akaona wakhate pamsika, sanalembe nawo mayesowo. Ndinapezeka ndikuganiza za kapu imene tinkamwera limodzi. Ndikunena zoona, ngakhale sizikundikometsa.

Ndinangoti, "Tiyeni tikapume, miyendo yatupa."

Sisitere Tereza anamwalira chaka chomwecho chisanu chisanayambe. Kalata yonena za maliro ake inabwera m'Chifalansa, ndipo ulendo uno ndinapita nayo yonse kwa Odette. Amayi anu atabadwa tinawatcha Marita. Kumudzi ndinalemba kuti dzinalo talitenga m'Baibulo, ndipo amayi anga anamwalira akudziwa choncho. Ndinakalipira agogo anu chifukwa chonamiza amayi anga, kenaka ndinawanamiza ndekha zaka zonse zotsala. Ngati ndinalakwa kapena ayi, musandifunse. Chithunzi chija chili m'kabati kuchipinda, mukachione mukafuna, koma musambe kaye m'manja, mwadya zamafuta.

Ndadumpha. Tibwerere ku ulendo.

Lamulungu m'mawa tinabweza kiyi uja n'kuyamba ulendo wobwerera. Zikwangwani zinabwerera m'Chingerezi ife tisanalankhulane. Masana tinaima pambali pa msewu, pamene panali matebulo a matabwa pansi pa mitengo. Ndinatulutsa mazira amene anatsala. Anali atayamba kununkha, ndinawataya. Agogo anu anagula malalanje pa kasitolo, anakhala moyang'anana nane, n'kuyamba kusenda limodzi. Ankasenda pang'onopang'ono, khungu lonse osaliduladula, monga ankachitira chilichonse. Atamaliza analigawa pakati, anayamba kundipatsira, kenaka dzanja linaima m'malere. Analiika lalanjelo patebulo, pa mpango, kuti nditole ndekha.

Sindinatole lalanje. Ndinagwira dzanjalo. Ndinalitembenuza, ndinayang'ana chikhatho, ndinayang'ana kuseri. Ndinatsina chala chilichonse, kuyambira chaching'ono mpaka chachikulu. Iwo sanalichotse, sanafunse kanthu. Anangopereka linalo, ndipo nalonso ndinatero.

"Mukumva?" ndinafunsa, ndikutsina.

"Ndikumva."

"Apa?"

"Aponso."

Magalimoto ankadutsa. Ndinakhala nditagwira manja awo nthawi yaitali kuposa imene namwino amafunikira. Kenaka ndinati, "Zikhadabozi tikafika mukawenge, mungadzakande mwana."

Tinakhala m'banja zaka makumi anayi ndi zinayi. Sanandifunsepo za tsiku limenelo, ndipo anachita bwino, chifukwa mpaka lero sindidziwa ngati ndinkawayeza kapena ndinkangowagwira dzanja.